Ulendo wa Mai Carter Sunali Wokaona Malo



Mkazi wa mtsogoleri wa dziko akatsika ndege m'dziko lachilendo, anthu amangoona maluwa amene ana amampatsa ndi kumva nthungululu. Koma ntchito yeniyeni imagwirika m'zipinda momwe wojambula zithunzi saloledwa kulowa.

Pa 30 May 1977, Mai Rosalynn Carter, akazi a Prezidenti Jimmy Carter wa dziko la America, ananyamuka ulendo wa pafupifupi masabata awiri wokayendera maiko asanu ndi awiri: Jamaica, Costa Rica, Ecuador, Peru, Brazil, Colombia ndi Venezuela. Sananyamuke chimanjamanja. Anayamba aphunzira Chisipanishi, ndipo akatswiri a Boma anakhala nawo pansi nthawi yaitali kuwafotokozera madandaulo a dziko lililonse. Wantchito wa Boma azindikire apa kuti mai wolemekezeka sangayankhe bwino pamaso pa mtsogoleri wa dziko lina ngati wokonza mapepala ake anagona pantchito.

Ku Ecuador funso linali lowawa. Boma la asilikali kumeneko linali lokwiya chifukwa America anali ataletsa Israel kuwagulitsa ndege zankhondo za mtundu wa Kfir, zimene injini zake zinali za ku America. Mai Carter sanazembe nkhaniyi, koma anafotokoza chifukwa chimene amuna awo anakanira.

Kwao komweko ena anang'ung'udza kuti maiwa anasankhidwa ndi yani? Funsolo silinali lopusa, pakuti anthu anavotera Bambo Carter, osati banja lawo. Yankho la Mai Carter linali lakuti panalibe wina amene anali pafupi ndi Prezidenti kuposa iwo, choncho akanatha kufotokoza maganizo ake. Yankholi linali lokwanira pokhapo pamene ananena zimene anatumidwa, osawonjezera zawozawo.

Malo ovuta koposa anali Brazil, imene panthawiyo inali m'manja mwa General Ernesto Geisel. Atakambirana naye ku Brasília, Mai Carter anapita ku Recife, kumene anakumana ndi amishoni awiri a ku America, wina wansembe wa Katolika, wina wa mpingo wa Mennonite, amene apolisi anawatsekera ndi kuwazunza. Maiwo sanalalate pagulu, sananyoze eni dziko. Anakhala pansi, namvetsera nkhani yawo, nalonjeza kukaifikitsa kwa Prezidenti. Akuluakulu a boma la Brazil sanakondwere, koma chithunzi cha kukumanako chinatuluka m'manyuzipepala a maiko ambiri.