Popita ku Joni, Tisaiwale Mankhwala



Ambiri a ife timapita ku Johannesburg kukafuna ntchito. Timachoka ku Tete, kudzera ku Cuchamano, Harare ndi Beitbridge. Timakakhalako miyezi, mwina zaka.

Kumeneko tichenjere ndi chifuwa chachikulu. Fumbi la m'migodi limawononga mapapo. Matendawa amafala msanga pamene anthu ambiri agona m'chipinda chimodzi. Tikatsokomola masabata 2, tipite kuchipatala akatipime makhololo.

Mankhwala ake timamwa miyezi 6. Tikawasiyira panjira, matenda amabwerera, mwina osamvanso mankhwala.

Choncho amene tili pa mankhwala, tisananyamuke tiuze anamwino. Tipemphe mankhwala a paulendo ndi kalata yokaonetsa kuchipatala cha kumeneko. Kalatayo tiisunge pamodzi ndi pasipoti.

Kumudzi akudikira ndalama, koma makamaka akudikira ife. Tibwerere amoyo!