CHIFUWA CHOBWERA NDI MANKHWALA A KHANSA YA IMPSO

Nkhani ya za umoyo ya mwezi uno ndi ya anthu odwala khansa ya impso, ndiponso ya abale amene amawasamala kumudzi.

Masiku ano alipo mankhwala amene amalunjika pa chotupa chenichenicho. Ena, monga sunitinib, amene analoledwa ku America mu 2006, amaletsa chotupa kumera mitsempha ya magazi yochidyetsa. Ena, monga temsirolimus wa 2007 ndi everolimus wa 2009, amaletsa chotupa kukula. Mankhwalawa athandiza anthu ambiri, koma nthawi zina amatupitsa mapapo ngakhale mulibe tizilombo. Pa kuyesa kwakukulu kwa everolimus, vutoli linagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse, koma amene anadwala kwambiri anali owerengeka. Ndi sunitinib sizichitika kawirikawiri.

Zizindikiro zake ndi izi: kutsokomola kouma, kubanika poyenda kapena pokwera chitunda, ndipo nthawi zina kutentha thupi. Kawirikawiri zimayamba m'miyezi yoyamba ya mankhwala.

Tsono choopsa chili apa. Zizindikirozi zimafanana ndi za chibayo ndiponso za chifuwa chachikulu, matenda amene ali ofala m'dziko muno. Munthu akhoza kugula mankhwala a chifuwa pa golosale, namwa masabata awiri, pamene mapapo akunka natupa. Komanso everolimus amachepetsa mphamvu ya thupi yolimbana ndi matenda, kotero kuti chifuwa chachikulu chenichenicho chikhoza kudzuka. Wosiyanitsa zimenezi ndi dotolo yekha, atajambula pachifuwa ndi kuyeza makhololo.

Chifukwa chake wodwala akayamba kutsokomola kapena kubanika, asadikire tsiku limene anamulembera. Apite kuchipatala msanga, atanyamula bokosi la mankhwala ake ndi buku lake lakuchipatala, ndipo anene poyera kuti akulandira mankhwala a khansa. Akalavula magazi kapena kumva kulasa pachifuwa mwadzidzidzi, abale amunyamule tsiku lomwelo. Dotolo akhoza kuchepetsa mankhwalawo, kuwaimitsa, kapena kumpatsa prednisolone wophwetsa kutupa, ndipo ambiri amapeza bwino akafika msanga. Koma wodwala asasinthe kamwedwe ka mankhwala pa yekha.

Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga akupemphedwa kufotokozera mawuwa mabanja amene ali ndi wodwala wotere. Paja safunsa anadya phula.