LUSO LA MANJA LIMAYAMBIRA M'MUTU

(Mau a kwa aphunzitsi, makolo ndi amisiri a m'boma la Rumphi)



Chinthu chilichonse chimene munthu amapanga chimabadwa kawiri. Poyamba chimabadwa m'mutu, pamene mwini wake achiona chisanaoneke kwa wina aliyense, ndipo pambuyo pake chimabadwa m'manja. Woumba mbiya amaiona mbiyayo dongo likadali m'dambo. Mphamvu imeneyi yolingalira chinthu chimene kulibe ndiyo gwero la luso lonse, ndipo boma la Rumphi lili ndi umboni wochuluka wa ntchito zake.

Umboni woyamba uli m'mapiri a Aphoka, m'mphepete mwa Nyika. Kalekale, kusanabwere sitolo kapena sukulu, anthu a kumeneko anali kuyenga chitsulo. Ankakumba miyala ya chitsulo, kutentha makala ndi kuumba ng'anjo zazitali zadongo zimene zinkakoka mpweya zokha kudzera m'mipope yadongo. Chimene chinkatuluka m'ng'anjo yaikuluyo ankachiyenganso m'ng'anjo yaing'ono yopemerera ndi mvukuto, kenaka osula ankasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Panafunika munthu woyamba amene anayang'ana mwala wofiirira naona khasu m'kati mwake. Makasu a m'sitolo atachuluka, ng'anjo zija zinazima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anachita kupempha nkhalamba kuti ziwaonetse mayengedwe akalewo, ndipo zimene anaona anazilemba mu 1987. Apa pali phunziro lowawa: nzeru imene ana sakuiphunzira imapita kumanda pamodzi ndi eni ake.

Umboni wachiwiri uli pa Kandewe, pamene pali mlatho wa nsungwi wolenjekeka pamwamba pa mtsinje wa South Rukuru. Mlathowu unamangidwa koyamba mu 1904, ndipo anthu a m'mudzimo akhala akuukonzanso mibadwo yonseyi. Amene anauyamba analibe simenti kapena zitsulo. Anali ndi vuto la mtsinje wosaoloka nthawi ya dzinja, anali ndi nsungwi, ndiponso anali ndi mutu. Anadziwa kuti nsungwi imapindika koma siithyoka msanga, ndi kuti zikalukidwa pamodzi zimasenza katundu amene imodzi singasenze. Amisiri a milatho amaphunzira mfundo zotere m'makoleji. Anthu a pa Kandewe anazipeza poyang'anitsitsa ndi poyesa.

Umboni wachitatu uli pa Khondowe. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr. Robert Laws anasankha phiri la Khondowe kuti amangepo sukulu yaikulu, imene inatchedwa Overtoun Institution. Pa sukuluyo sanali kuphunzitsa uphunzitsi ndi ubusa wokha ai. Anyamata ankaphunziranso ukalipentala, umisiri womanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga pa lamya. Madzi anafika pamalopo m'mipope kuchokera kumapiri, ndipo mu 1905 magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi anayaka. Msewu wa Gorodi, wokwera kuchokera kunyanja ndi makhotakhota pafupifupi 20, unasemedwa m'phiri ndi manja a anthu. Nyumba ya miyala ya mu 1903, imene inasandutsidwa malo osungiramo zinthu zakale, ikuchitira umboni luso la amisiri amene anaphunzira pomwepo.

Komatu sukuluyo inatulutsanso anthu olingalira dziko losiyana ndi limene anabadwiramo. Clements Kadalie anayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, ndipo Levi Mumba anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Munthu amene waphunzira kuona mpando m'thabwa savutika kuona ufulu m'dziko la atsamunda, pakuti zonsezi zifuna mtima umodzimodzi wosakhutira ndi zinthu monga ziliri.

Pa Khondowe pomwepo panachitika chinthu china chosaiwalika. M'mwezi wa March 1959, boma la atsamunda litalengeza za ngozi m'dziko, ndege inaponya kalata pa mishoni yofunsa ngati azungu a pamenepo afuna kuchotsedwa, ndipo inawauza kuti ayankhe poika chizindikiro pansi. Anthu a pa mishoni, akuda ndi oyera pamodzi, anayala njerwa zopaka laimu pabwalo nalemba kuti Aefeso 2:14, ndime imene imanena za kugwetsedwa kwa khoma lolekanitsa anthu. Anafunsidwa kuti inde kapena ai, koma iwo anapeza yankho loposa funsolo. Kumeneko ndiko kulingalira.

Ngakhale m'magule luso lomweli lilipo. Vimbuza ya Atumbuka, imene bungwe la UNESCO linailemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse a padziko, ndi gule wochiza. Oimba ng'oma amasintha maimbidwe molingana ndi mzimu umene wagwira wodwala, amai amaimba ndi kuomba m'manja, ndipo wovutika mumtima amapeza njira yotulutsira zimene sakanatha kunena ndi pakamwa. Makolo anadziwa kuti nyimbo ndi mankhwala.

Tsono funso lalikulu nali: kodi ana a m'boma lino akuleredwa kuti akhale olowa m'malo a osula a ku Phoka ndi oluka mlatho a pa Kandewe? Kuyambira mu 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, ana ochuluka zedi analowa m'kalasi, ndipo chimenechi ndi chinthu chabwino. Koma mphunzitsi amene ali ndi ana ambiri ndi mabuku ochepa amakopeka kuwaphunzitsa kuloweza chabe, kaamba ka mayeso. Mwana amene amapanga galimoto ya mawaya yokhota bwino lomwe amauzidwa kuti akutaya nthawi. Mtsikana woumba ziwiya zadongo amadzudzulidwa kuti wadetsa chovala. Pomaliza sukulu, mwanayo ali ndi satifiketi koma manja ake ndi ouma, ndipo akapanda kupeza ntchito ya muofesi amangokhala pa Bolero kapena pa boma kudikira mwai umene sudzabwera.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mphunzitsi safunika ndalama zambiri kuti adzutse luso mwa ana. Dongo lili m'dambo, nsungwi ili m'mbali mwa mtsinje, ndipo mmisiri wa matabwa, wosoka zovala ndi wosula mbaula ali pamudzi pomwepo. Angathe kuitanidwa kukalasi tsiku limodzi. Pophunzitsa masamu, ana ayeze denga la sukulu yawo. Pophunzitsa sayansi, afunsidwe chifukwa chimene ng'anjo yaitali imakokera mpweya yokha. Mwana akayankha mosiyana ndi buku, ayambe wafunsidwa mmene waganizira asanauzidwe kuti walakwa.

Makolo nawonso aleke kuona umisiri ngati ntchito ya olephera sukulu. Pa Khondowe pali koleji ya ntchito zamanja, ndiponso kuyambira mu 2003 pali Yunivesite ya Livingstonia. Zonse ziwirizi ndi zolemekezeka. Ndipo mmisiri amene ali ndi ophunzira pamalo pake asawaphunzitse kutsanzira kokha. Awalole kuyesa mapangidwe atsopano, ngakhale thabwa limodzi lionongeke, chifukwa wogula amabwerera kwa mmisiri amene amathetsa vuto lake.

Mlimi wa khofi ku Phoka, mlimi wa fodya ku Nkhamanga ndi msodzi wa ku Mlowe onse ali ndi mavuto amene akudikira munthu woganiza. Munthuyo mwina ndi mwana uja wakhala kumbuyo m'kalasi, akupinda waya. Aphunzitsi ndi makolo amuyang'ane bwino, amupatse mpata, ndipo amulimbikitse.