Msewu tikuufuna, koma tulo natonso tikutifuna

Awa ndi mawu amene mlembi wathu analankhula pamsonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawaika pano kuti amene simunabwere muwerenge.

 

Masabata apitawa dandaulo pagulu lathu la WhatsApp lakhala limodzi: anthu sakugona. Makina otsendera msewu akugwedeza mazenera, matipa akutsitsa miyala, jenereta ili duu mpaka 1 koloko usiku. Pakati pathu pano pali a Folomu 4 amene akukonzekera MSCE. Pali ena amene mayi awo amadzuka 4 koloko kukaoda tomato ku Zigwagwa. Anthu amenewa agona nthawi yanji?

Tisanamizane, msewu tikuufuna. Wa ku Chibavi, Masasa kapena Mchengautuwa amawadziwa matope a mu Epulo, wakabaza akakutsitsa panjira n'kukuuza kuti kwatsalako uyende wekha. Komanso akontrakitala sagwira usiku chifukwa cha nkhanza ayi. Masana magalimoto amachuluka. Mvula ya kuno ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo phula salithira pansi ponyowa. Akachedwa kumaliza ntchito amawadula ndalama. Zimenezo tizimvetse.

Koma tulo si ulesi. Phokoso limayezedwa m'madesibelo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'chipinda chogona lisapitirire 30 kuti munthu agone bwino. Malangizo a World Bank pa ntchito zachitukuko amati kumalo okhala anthu lisapitirire 55 masana ndi 45 usiku, ndipo usikuwo amauwerengera kuyambira 10 koloko mpaka 7 koloko m'mawa. Kuti mumvetse bwino, anthu awiri akamacheza bwinobwino amafika cha m'ma 60. Ndiye taganizirani tipa ikukhuthula miyala kuseri kwa nyumba yanu pakati pausiku.

Kuno kwathu malamulo aliponso. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa mmene zikhudzire anthu ndi malo, ndipo bungwe la MEPA ndi limene limayang'anira zimenezi. Mu ndondomeko yotereyi ndi mmene mumalembedwa za fumbi, phokoso ndi kokapereka madandaulo. Kuyambira 2020 tilinso ndi lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kumaofesi aboma. Kufunsa kuti tiione ndondomekoyo si mwano.

Ndiye tichite chiyani? Ndili ndi zinthu zitatu.

Choyamba, tilembe. Kwa masabata awiri, aliyense amene phokoso likumufika azilemba tsiku, nthawi imene layamba, imene latha, ndi makina ake. Amene muli ndi mafoni ojambula, jambulani mawu muli pakhomo panu. Kungoti "akutisokosera" kumauluka ndi mphepo, koma pepala la masiku 14 silikanika.

Chachiwiri, tidziwe mwini ntchito. Chikwangwani chimene chimaikidwa poyambira ntchito chimanena. Misewu ikuluikulu monga M1 ndi M5 ili m'manja mwa Roads Authority, pomwe yambiri ya m'malokeshoni ili pansi pa khonsolo ya mzinda. Kalata yathu idzere kwa a block leader ndi a khansala, ndipo tisunge kope losainidwa.

Chachitatu, tipemphe zotheka. Sitikuti ntchito iime. Tikuti azitiuza kukadali masiku akafuna kugwira usiku. Zaphokoso kwambiri, monga kutsendera ndi kutsitsa miyala, zizitha 10 koloko isanakwane. Jenereta aziyiika patali ndi nyumba. Sabata za mayeso azizilemekeza. Atipatsenso nambala ya munthu woti tizimuimbira.

Pomaliza, anyamata, ndamva ena akuti tikatseke msewu ndi miyala. Chonde ayi. Amene ali pamakinawo usiku ndi abale athu omwe, akusaka ya ufa, ndipo nthawi yogwirira ntchito sasankha okha. Mukagenda galasi limodzi, nkhani ya phokoso yathera pomwepo, yotsala ndi ya kupolisi.

Kupempha si kuba. Ndikufuna anthu anayi oti tikalembe kalatayi limodzi Lachitatu madzulo, ndipo mmodzi akhale wa Folomu 4. Mundipeze tikamatuluka.