Njinga ndi Ngolo Mkati mwa Laputopu

Lero tikamba za kompyuta yonyamula m'manja yochedwa laputopu, ndi m'mene tingaikonzere pamene tifuna kucitapo masewera.

Mlimi akafuna kukagula mcere amakwera njinga. Akafuna kupereka matumba khumi a cimanga ku msika amamanga ng'ombe pa ngolo. Womanga ng'ombe cifukwa ca mcere atopetsa ziweto pacabe, ndipo wosenzetsa njinga matumba khumi aithyola. Sungani fanizo limeneli m'mutu.

Cipangizo cimene cimajambula zonse zooneka pa galasi la kompyuta cimachedwa khadi la zithunzi. Malaputopu ena ali ndi makhadi awiri. Loyamba ndi laling'ono, lomangidwa pamodzi ndi purosesa, ndiye ubongo wa kompyuta. Limadya magetsi pang'ono, ndipo likwanira polemba kalata kapena poonera kanema. Imeneyi ndiyo njinga. Laciwiri ndi lamphamvu, liri ndi nkhokwe yakeyake yosungiramo zithunzi, koma limatentha ndi kumaliza batire msanga. Imeneyi ndiyo ngolo.

M'caka ca 2010 kampani ya Nvidia inatulutsa njira yochedwa Optimus, imene imalola laputopu kusankha yokha khadi loyenera nchito iriyonse. Koma nthawi zina imasankha molakwa, ndipo masewera olemera amagwera pa khadi laling'ono. Mudzadziwa poona anthu a m'masewerawo akuyenda modukizadukiza. Zikatero, pa Windows 11 tsegulani Settings, kenaka System, Display ndi Graphics. Sankhani dzina la masewerawo, ndipo muwapatse High performance, ndiko kunena khadi lamphamvu. Zolembera ndi zowerengera muzisiye pa Power saving, khadi losunga magetsi.

Tsopano tilowe m'masewera mwenimweni. Cimene maso athu amaona ngati kuyenda ndi zithunzi zambiri zotsatizana mofulumira. Kanema wa pa sinema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi. Masewera amayenda bwino pa zithunzi 30, ndipo amasalala koposa pa 60. Khadi liyenera kujambula cithunzi ciriconse mwatsopano, ndipo cithunzi ndi timadontho tambirimbiri.

Aphunzitsi, lembani masamu awa pa bolodi. Cithunzi ca timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi ciri ndi timadontho 2,073,600. Ca 1280 ndi 720 ciri ndi 921,600, ndiko kucepera pa theka. Motero mukacepetsa timadontho mwatsitsako matumba pa ngolo, ndipo ng'ombe ziyenda mopepuka. Mithunzi ya mitengo ndi nyumba, ndi kunyezimira kwa madzi, nazonso ndi katundu wolemera. Yambani mwacepetsa zimenezo. Sinthani cinthu cimodzi, sewerani pang'ono, penyani kusiyana kwake, ndiyeno musinthe cina. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali zina ziwiri zofunika kusamala. Coyamba ndi kutentha. Musaike laputopu pa bulangete kapena pa mtsamiro, cifukwa mutseka tiziboo totulutsa mpweya wotentha. Ikatentha kwambiri imacepetsa yokha liwiro lake kuti isapse, ndipo masewera amayambanso kudukiza. Iikeni pa tebulo, ndipo muzicotsa fumbi pa tizibooto.

Caciwiri ndi magetsi. Khadi lamphamvu limagwira nchito mokwana pamene laputopu yalumikizidwa ku magetsi. Ambiri a inu mukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'dziwe la Kariba ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku. Pa nthawi yotero batire ndi cuma. Mwana akalimaliza pa masewera masana, mkulu wake amene afuna kuwerengera mayeso usiku adzapeza galasi lakuda. Magetsi akazima, lekani masewera olemera, ng'ombe zipumule m'khola.

Nawa mafunso oti mukambirane ndi aphunzitsi anu. Kodi ndi khadi liti limene tayerekeza ndi njinga? Cotsani 921,600 pa 2,073,600. Patsala timadontho tingati? Nanga n'cifukwa ninji laputopu siyenera kukhala pa bulangete?

Tsalani bwino, ana inu, mpaka tidzamvanenso sabata la mawa.