Matenda a Mayi Asasanduke Mlandu: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Umoyo wa Amayi kwa Chitukula

Wapampando wa mwambo uno, Gogo Chalo Chitukula, magulupu ndi nyakwawa zonse, oimira ofesi ya zaumoyo ya boma la Lilongwe, abusa, ansembe ndi mashehe, anamkungwi athu, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaumoyo, amayi ndi abambo, anyamata ndi atsikana, ulemu wanga ukufikeni nonse.

Ndikuthokoza komiti yokonza mwambowu pondiitana. Ndikuthokozanso inu amene mwasiya madimba ndi ntchito zapakhomo, ena kuchokera ku Nsaru, ku Kabudula, ku Nambuma, kwa Mpingu ngakhale ku Namitete, kudzakhala nafe pabwalo lino.

Gogo Chalo, ndiyambe ndi kupempha chilolezo. Nkhani ya lero ndi ya kuchipinda, yomwe mwa mwambo wathu sitiikamba apongozi ali pomwepo. Ndisankha mawu aulemu, koma mfundo sindibisa, chifukwa m'ntchito yanga ya unamwino ndi uzamba ndaona amayi ambiri akufika kuchipatala mochedwa, chowachedwetsa chili manyazi.

M'midzi mwathu muno muli mayi amene amadzuka kangapo usiku kukataya madzi. Akafika kuchimbudzi amangotuluka timadontho, koma kuwotcha kwake kosaneneka. Pansi pa mchombo pamawawa. Kumaso kumayabwa, chikazi chasintha mtundu kapena fungo, ndipo kukhala malo amodzi ndi bambo kwasanduka ululu. Kutchalitchi amakhala pafupi ndi khomo. Akakhala ndi ulendo wa m'tauni, samwa madzi kuyambira m'mamawa, kuopa kuimitsa minibasi. Mukamufunsa amati, "Ndili bwino, ndi msana chabe." Mayi ameneyu ndiye tamusonkhanira lero.

Mfundo yanga ndi imodzi. Zizindikiro zimenezi zimafanana, koma zoyambitsa ndi zambiri, ndipo palibe amene angazisiyanitse pongoyang'ana: mwamuna wake sangathe, anamkungwi sangathe, wogulitsa mankhwala pamsika sangathe. Chomwe chimasiyanitsa ndi kupimidwa.

Choyamba, ndiponso chofala kwambiri, ndi matenda a m'chikhodzodzo. Njira ya mkodzo ya mayi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4, pomwe ya bambo imafika pafupifupi masentimita 20. Komanso ili pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Choncho tizilombo ta m'matumbo sitichedwa kukwera mpaka m'chikhodzodzo. Izi zimagwira mtsikana amene sanadziwepo mwamuna, zimagwira mayi wapabanja, zimagwiranso agogo. Mankhwala oyenera amachiza m'masiku ochepa. Koma mukazengereza, tizilombo timakwera ku impso, thupi limatentha, m'nthiti mumawawa, ndipo kwa mayi woyembekezera mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane. N'zoona kuti mimba payokha imachititsa mayi kutaya madzi pafupipafupi, koma pakakhala kuwotcha kapena kutentha thupi, musadikire tsiku la sikelo.

Chachiwiri ndi matenda a shuga. Mayi akamamva ludzu losatha, kutaya madzi ambiri usana ndi usiku, kuwonda akudya bwinobwino, kuyabwa kumaso kumangobwerera, ndipo nyerere zikumaunjikana pomwe wakodza, akayezetse shuga. Kadontho kamodzi ka magazi a pachala n'kokwanira kupereka chithunzi.

Chachitatu ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi chimene chapasula mabanja popanda wolakwa. Ndi likodzo. Tonse timalidziwa ngati matenda a anyamata osambira m'madamu, amene amakodza magazi. Ambiri amaganizanso kuti ndi la kunyanja kokha. Ayi, nkhono zofalitsa likodzo zimakhala paliponse pomwe madzi adekha: m'madambo, m'zitsime za kudimba, m'madamu, m'maiwe a mitsinje ngati Bua, Namitete, Nambuma ndi Lingadzi. Ndipo ndani amakhalitsa m'madzi amenewa? Ndi mayi wochapa, mayi wotsuka mbale, mayi woima m'chitsime mpaka m'mawondo akutunga madzi othirira mpiru ndi tomato. Kachilombo kamachoka mu nkhono, kuboola khungu popanda iye kumva, n'kukakhwimira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo ndi chiberekero. Mazira ake amakanirira m'chikhodzodzo, m'njira ya chiberekero ndi pakhomo la chiberekero, n'kuyambitsa tizilonda. Zotsatira zake ndi kutaya madzi pafupipafupi, kuyabwa, chikazi chachilendo, kutaya magazi pambuyo pokhala malo amodzi, mwinanso kusabereka. Tizilonda timeneti timatsegulanso khomo kwa kachilombo ka HIV.

Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anaona nyongolotsi ya likodzo mu 1851 mumzinda wa Cairo. Kuno kwathu, ofufuza anapima amayi ku Mangochi m'zaka za m'ma 1990 n'kupeza likodzo m'ziwalo zoberekera. Akatswiri akuyerekeza kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ali nalo. Komabe kufikira lero mtsikana wa sitandade 7 akadandaula zimenezi, ena amathamangira kunena kuti wayamba zibwenzi. Mayi akadandaula, bambo amafunsa kuti wazitenga kuti. Anazitenga kudimba komwe kumadyetsa banja lonse. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa m'sukulu atamuyeza mwana msinkhu pa kamtengo. Amapha nyongolotsi, koma zipsera zokhalitsa sizichoka msanga. N'chifukwa chake makolo musamaletse ana kumwa mankhwalawa. Ingoonetsetsani kuti adya asanamwe.

Chachinayi ndi matenda opatsirana pogonana, monga chinzonono. Alipo ndithu, ndipo amachizika. Koma mayi akalandira mankhwala yekha, bambo osalandira, matenda amabwerera usiku womwewo. Kapepala kamene namwino amapereka koitanira mnzanu si kasamoni ka kubwalo la milandu. Ndi koti nonse awiri muchire.

Chachisanu ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Poyamba simveka kuwawa. Ikamadzabweretsa chikazi chonunkha, magazi a pakati pa mwezi kapena magazi kwa mayi amene anasiya kale kusamba, imakhala itayenda mtunda. Kupima kwake n'kwa mphindi zochepa: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera, n'kuthandizidwa asanasanduke khansa. Mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 akapimitse, ndipo amene ali ndi HIV azipimitsa kawirikawiri. Kuyambira mu 2019 boma likupereka katemera wa HPV kwa atsikana oyambira zaka 9. Katemerayu saletsa kubereka. Amateteza chiberekero chomwecho.

Nditchulenso alongo athu amene mkodzo umangotuluka osaleka chichokereni pa uchembere wovuta. Imeneyo ndi fistula. Si ufiti, si chilango. Pachipatala cha Bwaila pali malo apadera ochitira opaleshoni yake kwaulere. Ngati m'mudzi mwanu muli mayi amene anasiya kupita kumaliro ndi kutchalitchi chifukwa cha fungo, mumperekeze.

Tsono onani, amayi ndi abambo: matenda onsewa ife timawaika m'thumba limodzi n'kuwatcha mauka. Apa ndilankhule ndi anamkungwi ndi azigogo, mwaulemu wonse, chifukwa inu ndi amene mayi amayamba kukuuzani. Mwambo wodula mauka ndi lezala tiusiye. Kudula sikupha kachilombo ka m'chikhodzodzo, sikutsitsa shuga, sikuchotsa mazira a likodzo. Kumangowonjezera bala pamalo odwala kale, ndipo lezala limodzi likhoza kufalitsa HIV. Chimodzimodzinso kuika zitsamba kapena tinsalu touma m'njira ya chiberekero, ndi kutsukamo ndi sopo. Mkatimo muli tizilombo tabwino toteteza mayi. Mukatichotsa, toipa timapeza malo. Kusamba kunja ndi madzi oyera n'kokwanira. Ulemu umene mudzi umakupatsani ndi waukulu. Mukanena inu kuti "Mwana wanga, tiye kuchipatala," palibe angakane.

Tisiyenso kugula makapisozi awiri atatu pa okala. Ululu umachepa, koma tizilombo totsala timazolowera mankhwala, ndipo mawa sadzagwiranso ntchito. Mukalandira mankhwala kuchipatala, malizani onse, osagawana ndi mnzanu.

Zodziteteza zina zili m'manja mwathu. Imwani madzi okwanira, musaumirize mkodzo. Mukachoka kuchimbudzi, pukutani kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Tayani madzi mukatha kukhala malo amodzi. Nyanda ndi zovala zamkati timakonda kuziyanika mobisa, kuseri kwa chitseko kapena pansi pa nsalu ina, n'kuzivala zisanaumitsitse. Ziyanikeni padzuwa. Ndipo aliyense, wamkulu ndi mwana, asakodzere m'madzi, chifukwa mazira a likodzo amafika kwa nkhono kudzera mu mkodzo wathu womwe.

Abambo anzathu, wakutsina khutu ndi mnansi. Mkazi wanu akakuuzani kuti akumva kuwawa, funso loyamba lisakhale lakuti "Wayenda ndi ndani?" Likhale lakuti "Tinyamuke nthawi yanji?" Mukwezeni panjinga, mupatseni ya thiransipoti, ndipo mumpatse mpata wochira osamukakamiza. Amayi ambiri amabisa matenda chifukwa choopa mkwiyo wa kunyumba kuposa ululu.

Mafumu athu, nkhaniyi ikhale ndi malo pamisonkhano ya m'mudzi, monga munachitira ndi nkhani ya kuchirira kuchipatala. Limbikitsani khomo lililonse kukhala ndi chimbudzi, ndipo mijigo isamalidwe kuti amayi asabwerere kudambo. Aphunzitsi, mtsikana akapempha kutuluka kawiri katatu, musamunyoze pamaso pa anzake; muitaneni pambali kudzera kwa amayi a mother group.

Kwa anzanga a zaumoyo, pempho langa ndi ili. Zipangizo zoyezera mkodzo ndi shuga zizipezeka m'zipatala zazing'ono, osati m'tauni mokha. Praziquantel azifikanso kwa amayi akuluakulu, osati ana asukulu okha. Mayi akabwera ndi zizindikirozi, timufunse komwe amachapa ndi kutunga madzi tisanathamangire kulemba matenda opatsirana pogonana. Ndipo chitseko chitsekedwe, mawu atsike. Mayi amene wachitidwa chipongwe kamodzi sabweranso, ndipo amauza anzake khumi.

Amayi, zipatala zilipo: Lumbadzi, Nsaru, Kabudula, Nambuma, Chitedze, St Gabriel ku Namitete, ndipo zikavuta adzakutumizani ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Ngati mukufuna kuyamba mwafunsa muli kwanu, imbani Chipatala cha pa Foni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma mukaona magazi mu mkodzo, kutentha thupi, kusanza, kapena muli oyembekezera, nyamukani tsiku lomwelo.

Lero anamwino abwera ndi zipangizo, ndipo akonza malo oduka mphepo. Musabwerere kunyumba mutangoonera magule ndi masewero. Lowani mukapimidwe, ndipo abambo mudikire akazi anu.

Ndi mawu amenewa, Gogo Chalo, mwa chilolezo chanu, ndikulengeza kuti Tsiku la Umoyo wa Amayi kuno kwa Chitukula latsegulidwa. Mulungu adalitse amayi athu, adalitse mabanja athu, adalitse Malawi.