Buku ndi Cithunzithunzi ca Mnyamata wa ku Wimbe

(Mau okambidwa kwa aphunzitsi pa msonkhano wao)

Masiku ano ana ambiri a sukulu amayamba kuiona nkhani pa kanema, ndipo za buku lace amadzamva pambuyo, ngati amva konse. Cifukwa cace nkoyenera kuti aphunzitsi aziyesa zinthu ziwirizi pamodzi, kuti adziwe cimene ciri conse cimpatsa mwana. Nkhani yothandiza pa kuyesa kotere ndiyo ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, boma limene licita malire ndi cigawo ca kum'mawa ca Zambia. Cinenero ca kumeneko ndico comwe cino, ndipo njala ya 2001 ndi 2002 imene iye aisimba inafikanso m'midzi yambiri ya kuno.

Bukulo linaturuka m'Cingerezi m'caka ca 2009, ndipo dzina lace ndi The Boy Who Harnessed the Wind. Analilemba mwini waceyo pamodzi ndi Bryan Mealer. Cithunzithunzi ca dzina lomwelo cinaturuka mu 2019, ndipo cioneka pa Netflix. Amene anacikonza ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso anasewera ngati atate wace wa mnyamatayo.

Nkhani yace mwacidule ndi iyi. William anabadwa mu 1987. Analowa sekondale ku Kachokolo njala itagwa kale, ndipo makolo ace analephera kumlipirira sukulu. Pokhala pakhomo anayamba kupita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lochedwa Using Energy, ndipo pa cikuto cace panali cithunzi ca makina ozungulira ndi mphepo. Ali ndi zaka 14 anamanga makina otere ndi mitengo ya bulugama, njinga yakufa, mapaipi a pulasitiki ndi zitsulo zotola pa dzala. Mphepo inazunguza mapiko, mapikowo anazunguza gudumu la njinga, ndipo gudumulo linazunguza dainamo, kamene kamayatsa nyale ya njinga. M'dainamo muli maginito ozungulira pakati pa waya wokulunga, ndipo pozungulirapo ndi pamene magetsi aturuka.

Cithunzithunzico ciyenera kuyamikidwa pa zinthu zingapo. Cinajambulidwa ku Malawi komweko, motero dothi, nkhokwe, minda ndi Gule Wamkulu zioneka monga ziri. Njala aionetsa mosabisa: anthu akankhana pogula cimanga, ndi banja likhala pansi kupangana kuti lidzadya kamodzi kokha pa tsiku. Munthu amene anakhalapo m'mudzi caka coipa sangaonere zimenezi mtima uli m'malo. Ndiponso mau ambiri a m'kanemayo ali m'Cinyanja, cinthu cosowa m'zithunzithunzi zoonetsedwa m'maiko onse. Kunena zoona, kachulidwe ka osewera ena kamveka kacilendo, pakuti Ejiofor ndi wa ku Britain ndipo Maxwell Simba, amene anasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Ana adzaseka pa mau ena. Koma mlendo amene wayesa kulankhula cinenero ca eni mudzi wapereka ulemu, ndipo sayenera kunyozedwa.

Tsono pali malo amene cithunzithunzi cipatukana ndi buku, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kucenjera. M'kanema makinawo amangidwa njala iri pakati, anthu a m'mudzi athandiza, mpope uturutsa madzi, ndipo mbeu zimera. Buku silitero. William anamanga makina ace njala yaikuru itapita, ndipo nchito yao yoyamba inali kuyatsa nyale m'nyumba ndi kuliza wailesi. Madzi anadza patapita zaka, mbiri yace itamveka, ndipo mpope umene unayamba kupatsa mudziwo madzi akumwa unayenda ndi mphamvu ya dzuwa. Okonza kanema anafupikitsa zaka zimenezi kuti oonera akondwere asanaturuke. Sanalakwe kwenikweni, pakuti maora awiri ndi ocepa. Koma mwana woona kanema yekha adzaganiza kuti nzeru ibala zipatso zace mwezi womwewo, ndipo akayesa kanthu nalephera adzati iye alibe mphatso.

Buku liphunzitsa zina. Lionetsa mnyamata wosadziwa bwino Cingerezi, amene analikuyang'ana zithunzi ndi kufunafuna tanthauzo la mau amodzi amodzi. Lionetsa miyezi ya kutola zitsulo pamene anthu analikumuyesa wamisala. Lionetsa mawaya opsa, ndi zinthu zoonongeka zofunika kuziyambanso. Lisimbanso za Gilbert, mwana wa mfumu, amene anaturutsa ndalama zace namgulira dainamo. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo bukulo liri ndi kudekha kumene kanema alibe. Silibisanso zopweteka. M'kanema garu wace Khamba apezeka atafa ndi njala; m'buku mnyamatayo apita naye kuthengo nammangirira ku mtengo, namsiya komweko, popeza panalibe comdyetsa. Kuwerenga masamba amenewo nkowawa, koma ndi pomwe wowerenga azindikira cimene njala icita ndi mtima wa munthu. Pa cifukwa cimeneci buku liposa cithunzithunzi, ngakhale cithunzithunzi ciri cokoma.

Mfundo yaikuru kwa aphunzitsi iri pa kanyumba ka mabuku kaja. Sukulu ya sekondale inamtsekera mnyamatayo pakhomo cifukwa ca ndalama, koma mai wosunga mabuku anamlola kulowa ndi kubwereka. Kukadapanda khomo lotsegukalo, sipakadakhala makina, ngakhale ulendo wace wa ku Arusha mu 2007 kumene anakalankhula pa msonkhano wa TED, ngakhale maphunziro amene anatsiriza pa Dartmouth College ku America mu 2014. Kuno ku Zambia boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kuyambira mu 2022, kotero kuti copinga cimene cinamgwetsa William cacepa. Koma funso la mabuku likadalipo. Pali masukulu amene mabuku ace ali m'kabati yokhoma, fungulo liri m'thumba la munthu mmodzi, poopa kuti ana angawang'ambe. Buku long'ambika m'manja mwa mwana lagwira nchito yace. Losungidwa bwino m'kabati lidzadyedwa ndi ciswe lisanathandize munthu.

Motero mphunzitsi amene apeza njira yoonetsera ana ace cithunzithunzi cimeneci awaonetse ndithu. Koma asalekere pomwepo. M'mawa mwace awawerengere masamba owerengeka a m'buku, nawamasulire m'Cinyanja, ndipo awafunse kuti anene kumene nkhani ziwirizi zisiyana ndi cifukwa cimene okonza kanema anasinthira. Ngati pali njinga yokhala ndi dainamo, aibweretse m'kalasi, ana azunguze gudumu ndi manja ao naone nyale irikuyaka. Atatero atsegule kabati ija, alembe maina a obwereka m'kope, osaiwala ana amene anasiya sukulu koma akhala pafupi. Mwa iwo mwina muli wina amene afuna buku limodzi lokha, ndipo mphunzitsi sangamdziwe ndi nkhope kufikira atamlola kusankha yekha.